Malovu a Amayi

Mlongo wanga Fulujensio wa ku Joni anatumiza kabotolo koti amayi alavuliremo, akayezetse DNA kuti tidziwe kumene makolo athu anachokera asanafike ku Mphunzi. Koma ungapemphe bwanji malovu a mayi ako akudwala, anthu osanena kuti ukufuna kukhwima?

Ndinaima pakhomo, kabotolo ndikubisa m'chitenje.

"Watenga chiyani, Agata?" anafunsa amayi ali pamphasa.

"Palibe, amayi."

Ndinazemba kuseri kwa nkhokwe n'kulavuliramo ndekha, ine ntchembere yonseyi, maso ali uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.

Amayi anamwalira zotsatira zisanatuluke. Pochokera kumanda, Fulujensio anandigwira dzanja akulira.

"Zikomo, achemwali. Thupi taika, koma malovu awo aja atiuza kwathu."

Ndinangomeza anga.