Khodi ya domeni inadikira dzuwa kulowa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pulinta. Azakhali anga amagulitsa mandasi pageti la esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye atamva kuti pulinta ya mu ofesi yawakanika anthu onse, anangoti, "Mtsikana wanga anaphunzira zimenezo, akungokhalatu pakhomo." Ndinapita, ndinaikonza, a manijala n'kundipatsa mwezi woyeserera. Eee, ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha mumsewu.

Mwezi uli pakati, a manijala anandiitana. Kampani yomwe inkasunga maimelo athu inkavutavuta, choncho anapangana ndi ina, ndipo yakaleyo inali yoti ititsekera Loweruka likamatha. "Achemwali, musamutse maimelowo Loweruka lomwelo, ofesi ilibe anthu," anatero. "Koma imelo imodzi ya ogula tiyi ikabwerera, Lolemba musavutike n'kubwera."

Mantha? Ayi ndithu, ndinasangalala. Sabata yonse ndinatsegula maakaunti pa seva yatsopano, kompyuta yosunga maimelo ya kampani inayo, n'kukopera makalata akale, munthu aliyense ndi mafoda ake. Chinatsala n'kusintha MX. Iyi ndi mizere ya pa domeni, dzina la ofesi yathu pa intaneti, yomwe imauza dziko lonse kuti makalata a ofesi yakuti azifikira pa seva yakuti. Ukapanda kuisintha, makalata amapitabe kwakale, ndipo kwakaleko kukatsekedwa amabwerera kwa mwini wake.

Loweruka m'mawa ndinalemba pasiwedi ya domeni yomwe a manijala anandipatsa. Inalola bwinobwino, kenako n'kufuna khodi yomwe yatumizidwa pafoni. Foni ya ndani? A manijala, omwe anabwera kudzanditsegulira ofesi, anayang'ana manambala omalizira a foniyo pa laputopu n'kugwira kumutu. Inali ya a Likoswe, kalaliki amene analembetsa domeniyo kalekale asanapume pantchito. Tinaimba, yozimitsa. A Likoswe ndi mkulu wa mpingo wa Sabata, ndipo foni yawo imazima Lachisanu dzuwa likalowa.

Ndinaponya laputopu m'chikwama n'kukwera kabaza ya a Jafali, ulendo wa ku Goliati, kwawo kwa a Likoswe. Njira yonse ankandiseka. "Asisi, ife Asilamu tsiku lathu ndi Lachisanu, awowo lawo ndi lero. Simuwasunthatu!"

Ananena zoona. Tinawapeza a Likoswe atangoweruka kutchalitchi. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, mpaka za ntchito yanga. Anamvetsera mwachifundo, kenako anati, "Mwanangu, za ofesi ndinazikana pa Sabata ndili pantchito. Lero ndiye ndiyambe? Khala apa, dzuwa silichedwa."

Silichedwa? Tsiku limenelo linachita ngati alimangirira pamtengo. Amayi a pakhomopo anandipatsa nthochi, ine maso ali kumwamba. Ndinapsa mtima, sindinama. Koma ndinakonzeratu zonse pa laputopu, mizere ya MX yatsopano ndi wa SPF womwe umathandiza kuti makalata athu asamaoneke ngati achinyengo.

Dzuwa litalowa, banja linaimba nyimbo yotsekera Sabata n'kupemphera, ine ndili chogwada nawo limodzi. Atangoti ameni, a Likoswe analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kafoni ka mabatani. Netiweki pakhomopo inali yofooka, ndiye tonse tinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, a Jafali atandigwirira laputopu. Ndinapempha khodi ina. Kafoni kanalira, a Likoswe n'kuwerenga manambala mmodzimmodzi ngati vesi.

Ndinafufuta MX yakale, n'kuika yatsopano, n'kusunga. Patapita kanthawi ndinatumiza imelo yoyesera kuchokera pafoni yanga. Inafikira pa seva yatsopano! Ndinalulutira pachulu pomwepo, a Likoswe mpaka kuseka misozi. Tisanatsike, tinachotsa nambala yawo pa domeni n'kuikapo ya ofesi.

Lolemba maimelo a ogula anapezeka onse, ndipo mwezi utatha anandilemba ntchito yokhazikika. Mpaka lero, wina akandiitana kuti ndimusamutsire maimelo, ndisanatsegule n'komwe laputopu ndimafunsa kuti khodi imapita pafoni ya ndani, ndipo mwini foniyo amapemphera tsiku liti. Ena amaseka. Ine ndimadikira yankho.