Duwa la ku Lusaka

Sindine munthu wa maluwa. Koma mvula itabwerera pambuyo pa chilala chachikulu chija, ndinadutsa njira yachidule ya kumanda ndikuchokera ku Chinyunyu, ndipo ndinaona duwa lofiira ngati lawi la moto. Sindinalidziwe. Ndinalikumba ndi mizu yomwe. Ine, mkulu wa mpingo, kukumba kumanda ndili ndekha. Wondiona akanati ndine mfiti.

Kunyumba ndinauza akazi anga, amake Tisa, kuti wandipatsa ndi dalaivala wa basi, ndi la ku Lusaka. Atafunsa dzina lake ndinati, "Ndi la Chingerezi, simungalitchule." Analibzala pakhomo, nkumaonetsa amayi onse a kumpingo.

Mwezi usanathe tinakaika maliro a msuweni wanga. Manda onse anali psuu ndi duwa lomwelo.

Pobwerera amake Tisa anandinong'oneza: "Atate ake Tisa, dalaivala wanu uja amatsitsanso anthu kuno?"

Ndinangokhosomola. M'mawa mwake ndinalizula, ndipo anansi atafunsa ndinati yadya ndi mbuzi yathu. Kuti akhulupirire, ndinaikwapula pamaso pawo. Mbuziyo sindinaipepese mpaka tinaidya.