Tsiku Limene Ndinakwecha Besi ya Agogo

M'kabuku kanga ka chaka chatha muli tsamba limene ndinalembapo mawu atatu okha: "Ndawononga besi ija." Ndimalemba m'Chichewa kuti anzanga a kusukulu akakatola asamve kanthu. Tsiku limenelo sindinapitirize.

Gitala ya besiyo sinali yathu. Inali ya agogo ena a ku Zambia amene timapemphera nawo kuno ku Bradford. Si agogo anga enieni, koma ana onse a mumpingo timawaitana choncho. Zala zawo zitayamba kuuma ndi nyamakazi, anabwereketsa gitalayo kwa adadi kuti aziimba m'kwaya. Inali yolemera, ya mawaya anayi onenepa, ndipo inkanunkha ngati m'kabati yakale. Ine ndinkaiona yauve: zitsulo zadzimbiri, penti yachikasu yong'aluka, ndi banga lakuda pamwamba pa mawaya, pamene woimba amatsamiritsa chala chachikulu.

Kenako inayamba kulira ngati njuchi pakati pa nyimbo, khosi lake n'kumagwedera adadi akaligwira mwamphamvu. Agogo anati Loweruka tipite nayo ku Manchester kwa mzungu wina wokonza magitala akale. Mwana wawo anali atawauza kuti besi zakale chonchi anthu amazilemekeza zikakhala momwe zinachokera ku fakitale, ndipo agogo ankafuna kumva ngati yawoyo inali yeniyeni.

Ine zimenezo sindinazimvetse. Ndinangomva kuti besi ikukaonekera kwa anthu. Amami anandiphunzitsa tili ku Zomba kuti chinthu chobwereka timachibweza chili choyera. Poto wa eni ake timamukwecha mpaka kunsi. Choncho Lachisanu nditaweruka, makolo anga onse ali ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, ndinatenga sopo wa mbale ndi kawaya kokwechera mapoto. Ndinayamba ndi zitsulo. Zinawala bwino, ndinasangalala. Ndiye ndinafika pa banga lija.

Linakana kuchoka. Ndinakanikiza. Nditapukuta thovu, banga kunalibe, koma chikasu chija kunalibenso. Panatsala malo otuwa, okalikakalika, aakulu ngati chikhatho changa. Ndinapakapo mafuta odzola. Sanathandize. Ndinafunditsapo kansalu kamene agogo amaika pa mawaya, n'kutseka bokosi lake.

M'mawa mwake adadi anandiuza kuti ndipite nawo, chifukwa ndinkafunika nsapato za sukulu. M'sitima ndinakhala moyang'anizana ndi bokosilo. Agogo analiimika pakati pa mawondo awo, akulisisita.

"Iwe kamwana, waidziwa nkhani ya besi iyi?" anandifunsa m'kalankhulidwe kawo ka ku Zambia.

Ndinapukusa mutu.

"Inali ya mukulu wanga. Anali kulizira m'maholo ku Kitwe, anthu kuvina mpaka nsapato kusila. Manje anamwalira kudala, zaka zambiri zapita, koma chala chake chilipo. Paja pakuda paja. Ine nikaika changa, chingena bwino bwino."

"Thukuta la zaka zambiri limenelo," anatero adadi akuseka. "Ine ndimaopa n'kupukutapo komwe."

Ndinayang'ana pawindo. Sitima inalowa m'phanga, ndipo ndinaona nkhope yanga pagalasi, milomo ili pululu. Ndinapemphera kuti tikapeze potseka. Ndinapempheranso kuti sitima iwonongeke, kenako ndinapepesa kwa Mulungu chifukwa munali ana.

Shopuyo inali yotsegula. Inali kachipinda kopapatiza konunkha guluu, magitala ali lendelende m'makoma. Mwini wake anali bambo wa ndevu zoyera, magalasi ali pamphuno. Anapatsa agogo mpando chifukwa cha mawondo, ndipo adadi anali kalikiliki kuwakhazika pamene iye ankatsegula bokosi pa tebulo lalitali. Ndine ndekha ndinamuona akuchotsa kansalu kaja. Anaima. Anaweramira pafupi, n'kununkhiza. Kenako anakweza maso n'kundipeza ine, osati adadi, osati agogo. Anatembenuza besiyo chafufumimba pa thaulo.

Anamasula khosi pang'onopang'ono, akulankhula Chingerezi chake chothamanga. Anati khosilo ndi lenileni, ndipo anationetsa chidindo chofufuma cha ku fakitale. Koma anati zaka zimenezo ankapanga mothamanga: malo olowetsamo khosi anawagoba mopitirira, n'chifukwa chake linkagwedera. M'mpatamo anatulutsamo kapepala kopindapinda ka paketi ya fodya.

"Ameneyo ni mukulu wanga!" anafuula agogo. "Anali kukana kuti sakoka fodya. Lelo nam'gwira!"

Onse anaseka. Ine ndinkawerenga timisomali timene mzunguyo anandandalika m'kambale, ndikudziwa kuti tikatha atembenuza.

Anapeza zina. Kachitsulo kamodzi kokwezera mawu kanali ka wailesi. Waya wina m'kati unali utaduka, ndiwo unkachititsa phokoso lija. Timaginito timene timamva mawaya tinali teniteni, tosakhudzidwa. Anati zonsezi ndi mbiri ya gitala, iye sadandaula nazo. Ndiye anaitembenuza, n'kuiweramitsa kuti agogo aione ali pampando.

"Koma ichi," anatero, "ndi cha sabata ino. Sopo akumvekabe."

Agogo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatambasula dzanja n'kuika chala chachikulu pamalo otuwawo. Chinaterereka.

"Kodi mungabwezeretse?" anafunsa adadi, mawu ali otsika.

Mzunguyo anati akhoza kupakapo mtundu wofanana, koma zikhala zopaka basi. Zimene zinalipo sizipangidwa m'shopu.

Adadi anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinadziwa kuti adziwa, chifukwa kunyumba kwathu wokwecha zinthu mpaka kuwala ndine. Anavula chipewa, n'kugwada pambali pa mpando wa agogo, m'shopu ya mzungu, thalauza lawo labwino lili pafumbi la matabwa.

"Bambo, gitalayi inali m'manja mwanga. Ndine amene..."

"Ayi, adadi."

Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka. Kusukulu aphunzitsi amandipempha katatu kuti ndikweze mawu. Koma adadi anali pafupi kunama pamaso pa agogo, mkulu wa mpingo, chifukwa cha ine, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa banga. Ndinagwada nanenso.

"Ndine, agogo. Ndimafuna ipite yoyera. Ndinakwecha ndi kawaya ka mapoto."

"Ka mapoto," anabwereza agogo.

"Eya."

"Wayesa besi ni sefuliya?"

Sanaseke, ndipo sanakalipe. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana malo aja. Mzunguyo anapita kuseri ngati akufuna chinachake.

"Imilira, kamwana. Naimwe imilirani, muzadetsa thalauza." Anapumira m'mwamba. "Wakamba weka, palibe wakukakamiza. Icho nachimva. Koma mutima wanga ubaba, sinizakunamiza."

Anauza mzunguyo kuti alumikize waya, alimbitse khosi, abwezere kapepala ka fodya m'malo mwake, koma asapakepo kanthu. Tinadikira pafupifupi ola. Nsapato za sukulu sitinagule.

Pobwerera agogo anagona m'sitima, kapena anangotseka maso. Adadi anandigulira tiyi wa m'kapu yapepala. Pa siteshoni ananyamula bokosilo kuti tizipita kwathu, koma agogo anagwira chogwirira chake.

"Lekani, ikagone kwanga."

Adadi anaimitsa takisi, n'kuika besiyo kumbuyo mosamala, n'kuwatsekera agogo chitseko.

Lamlungu adadi anaima m'kwaya opanda chonyamula, akuwomba m'manja pamene akanaliza mawaya. Anthu anafunsa, iwo n'kumangoti gitala ili kwa eni ake. Sanatchule dzina langa kwa aliyense. Titatuluka ndinkafuna kubisala kuseri kwa amami, koma agogo anandiona. Anandipatsa dzanja monga mwa masiku onse, ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo anandifunsa za sukulu. Amandifunsabe mpaka pano. Besiyo sinabwerenso kwathu.