Dimba ndinalidzutsa ndine, lapita kwa alamu

Andilanda dimba Lachiwiri sabata ino. Wondilanda si wakuba ayi. Ndi amalume anga a Gerevazio, achimwene a malemu mayi anga. Anandipeza masana ndikuthirira kabichi, keni ili m'manja.

"Thirira umalize, mphwanga," anatero. "Ukakolola kabichiyu, dimbali likhala la mlongo wako Esinati. Alamu ako abwera kudzakhala pamudzi pano, ndiye akufunika pogwira."

Ndinati, "Amalume, mwaiwala mmene dimbali linaliri?"

"Sindinaiwale. Ntchito wagwira. Koma iwe ndiwe mwamuna, munda wako uli kumene ukakwatire."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Kuno kwathu ku Lobi malo amatsata akazi, ndipo zimenezo ndakhala ndikuzidziwa kuyambira ndili mwana. Kungoti ndinkadzinamiza kuti thukuta limasintha mwambo.

Ndikuuzeni mmene linaliri. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, chaka chomwe mayi anamwalira, popeza wolipira panalibe. Dimbalo linali kumunsi kwa dambo, lotayidwa. Anthu analimamo mbatatesi zaka ndi zaka, akungothira feteleza yekhayekha, mpaka nthaka inauma gwa ngati njerwa. Khasu limachita kudumpha. Amalume omwewa anati, "Tenga, kaya ukololamo chiyani."

Chaka choyamba ndinachita monga amachitira aliyense. Ndinasenza matabwa kuphiri la Dedza, n'kugula feteleza, n'kuthira. Kabichi anatuluka ngati nkhonya ya mwana. Chaka chachiwiri ndinathira manyowa okhaokha, chifukwa feteleza anali atakwera mtengo. Masamba anachita chikasu, mbewu ikukula mozengereza ngati yokakamizidwa.

Ndi alangizi ena achikulire amene anandiseka. "Mnyamata iwe, ukudyetsa mbali imodzi. Feteleza ndi wa mbewu, manyowa ndi a nthaka. Sakaniza."

Anandionetsa manyowa amene ambiri mumawatcha a Mbeya. Ndowe za nkhumba zouma, madeya, phulusa, feteleza pang'ono chabe, kuwaza madzi, kusakaniza bwinobwino, kumanga m'thumba la pulasitiki kuti mpweya usalowe, n'kudikira masabata atatu. Pansi, ndisanawokere mbande, ndimakwirira kompositi ndi ndowe zowolerana. Osakanizawo ndimathira mbande zikagwira.

Ndowe zimenezo sizigwa kumwamba. Ndimasesa makola a anthu kuti andipatse. Anzanga a kabaza amaimitsa njinga dala pamsewu.

"Mwaswera bwanji bwana wa ndowe? Kodi ku Fomu 2 munkaphunzira zimenezi?"

Ndimangoyang'ana kumbali. Patapita zaka zitatu nyongolotsi zinabwerera. Nthaka inada bii, yofumbutuka m'manja, yosunga chinyontho moti ndimatha kudumpha tsiku osathirira. Feteleza wochepa amakwanira dimba lonse. Kabichi wa chaka chino mutu umodzi ndi wonyamula ndi manja awiri.

Ndiye chaka chino n'chimene amalume akumbukira kuti dimbali ndi labanja.

Tsono inu a pawailesi, inu alangizi, amene tsiku lililonse mumatiuza kuti tisakanize manyowa ndi feteleza, zoona mumanena. Ine ndine mboni. Koma munayamba mwafunsapo kuti wolimayo munda ndi wake?

Yendani m'madambo muno muone. Achinyamata ambiri tikulima malo obwereka kapena alendi. Akamwini akulima kwa akazi awo, ndipo banja likatha amachoka ndi khasu lokha. Feteleza amatha ndi mbewu yake, wathira lero, wakolola, mwasiyana. Manyowa amatsalira m'nthaka, phindu lake lenileni limabwera mawa ndi mkuja. Ndani angakwirire zaka zake m'munda woti mwini wake akauona wada bii autenga?

Mumatinena ulesi. Si ulesi. Fodya wako ndi wapamphuno, wapachala ndi wamphepo. Wobwereka amathira feteleza yekhayekha, kuyamwa nthaka mpaka ife, n'kubweza mtembo kwa mwini wake. Kenako tonse timadabwa kuti minda ya kuno yatopa bwanji.

Esinati sindikumuda. Anabwera Lachitatu, n'kuima m'mphepete mwa bedi la kabichi osandiyang'ana kumaso.

"Achimwene, ine sindinapemphe."

"Ndikudziwa."

Mwamuna wake, munthu waulemu ndithu, anagwada n'kutapa dothi, n'kulinunkhiza. "Alamu, mundiphunzitseko kasakanizidwe kake."

Ndinawafunsa, "Alamu, dimbali ndi lanu?"

Anataya dothi lija. Kenako anapukuta dzanja pa thalauza. Nawonso amvetsa.

Dzulo amalume andilozera malo ena kumtunda, amiyala, otopa kuposa oyamba aja. "Uli ndi dzanja labwino, mphwanga. Ukawadzutsenso amenewa."

Ndili ndi mlongo wina, ali Sitandade 8. Zaka zinayi zikamatha naye adzabwera ndi mwamuna wofuna pogwira.

Malowo ndiwalandira, chifukwa njala siyembekeza munthu. Koma ndikathiramo feteleza yekhayekha. Chimene chikundipweteka n'chakuti ndikudziwa bwino chimene ndikukachita. Ena amapha nthaka mosadziwa. Ine ndikaipha ndikudziwa mankhwala ake, ndikudziwa fungo la dothi lamoyo.

Amalume akuti palibe chimene ndataya, popeza kabichi ndikolola ndine. Kabichi ndi wa miyezi itatu, amalume. Zimene ndikusiya pansi pake ndi ngolo khumi ndi ziwiri za manyowa, ndipo sindinabwezeredwe ngakhale imodzi.