Wezulo ya Zuleka

Lefina ankasenda mtedza pakhonde pamene foni inalira. Achemwali ake anali atagwa kudimba. Matenda othamanga magazi anawapha ziwalo mbali yonse ya kumanzere.

Anaika lichero pansi. Nayenso anamwino anali atamupeza ndi matenda omwewo. Anali mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo tsiku lonse ankakhala pamakina, kusoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Chulu. Thupi linamulemera. Akatunga ndowa imodzi kumjigo ankapuma kawiri panjira.

"Ambuye, ndikagwa ine, anawa adzawalera ndani?" anapemphera chamumtima.

Zuleka, mwana wamkazi wa eni sitolo, ankasonkhanitsa amayi pabwalo la sukulu katatu pa sabata, dzuwa likungotuluka. Wezulo ikalira, onse ankathamanga pamalo amodzi, kunjuta ndi kudumpha ndi mphamvu zonse kwa theka la mphindi. Ikaliranso, ankapuma. Lefina anafunsa kaye kuchipatala. Anamwino anati ayambe pang'onopang'ono, ndipo mankhwala asasiye.

Tsiku loyamba anafuna kufanana ndi atsikana. Asanathe ulendo wachitatu anakhala pansi, maso akuchita chidima. Zuleka sanaseke. Anamupatsa madzi, kenaka anamukonzera chitenje chimene chinamasuka.

"Amayi, pano sitipikisana. Ena akadumpha, inu muzingokweza mawondo. Wezulo imalirira tonse."

Mlamu wake Annette, msungichuma wa amayi a Chigwirizano, anamva nkhaniyi Lachinayi lomwelo, namunena pamsonkhano wawo kutchalitchi.

"Alamu, mwasowa chochita? Mayi wovala duku loyera kumalumpha ngati kamwana ka mbuzi, anthu akuona! Mukafuna thukuta, khasu lilipo."

Amayi ena anaseka. Lolemba Lefina anapitanso kubwalo la sukulu.

Ntchafu zinawawa sabata ziwiri. Tsiku limene anagona dala, amayi awiri a m'gululo anabwera kudzagogoda. Akanakhala yekha akanasiya, koma ndi manyazi ati kubweza anthu amene akusiyira kusesa kwawo? Mphindi makumi awiri zinkakwanira, ndipo pofika 7 koloko anali ali pamakina. Mwezi wachitatu anadumpha koyamba. Wachisanu, anamwino anayeza magazi kawiri, namwetulira. Ndowa ija inkafika kunyumba osatsitsa.

Nthawi yosankha fodya itakwana, masana ena Annette anakomoka m'chigafa. Amuna onse anali kumaliro kumudzi wina. Lefina anamukweza pakaliyala ya njinga, nadzimangirira naye ndi chitenje m'chiuno, mayi wina akugwirira mpaka pamsewu. Anapalasa mtunda wonse wa mchenga. Pokwera chitunda ankadziwerengera ngati mmene Zuleka amachitira: mphamvu zonse, kenaka kupuma, kenaka mphamvu zonse. Anafika kuchipatala nthawi ikadalipo.

Inu amene mukuwerenga, mwina thupi lakulemerani, ndipo mukuopa kusekedwa. Lefina anayamba ndi kukweza mawondo basi. Funsani kuchipatala, pezani anzanu, yambani pomwe mphamvu zanu zili. Tsiku loyamba likakugwetsani, mtima usagwe nawo. Bwereraninso.

Patatha sabata zitatu, Annette anatulukira pabwalo la sukulu atavala nsapato za tenesi za mwana wake. Zuleka anali atakweza kale wezulo, koma Annette anatambasula dzanja.

"Dikirani, mwanangu." Anatembenukira kwa Lefina, nagwada pafumbi amayi onse akuona. "Alamu, ndinakusekani pagulu, ndiye ndipepesenso pagulu. Miyendo imene ndinkainyoza ija ndi imene inandinyamula. Ndikhululukireni."