Tsiku Limene a Refa Anavala Kabudula

Zoti a Refa amafundula ngati njoka n'zabodza. Zoti akazi awo amasesa chikopa chathunthu pansi pa bedi chaka ndi chaka n'kukachikwirira kuseri kwa bafa, nazonso n'zabodza, ndipo amene anaiyambitsa nkhaniyo tikumudziwa, ndi mayi uja wamakala amene mwana wake anaonetsedwa kadi yofiira. Choona n'chakuti bamboyu anaimbira mpira zaka zambirimbiri atavala buluku, dzuwa liswe mtengo, mvula igwe, moti m'dera monse munalibe anaonapo mawondo awo. Ndiye anthu mukuwadziwa, chimene sanachione amachimeretsa nyanga.

Pakati pa sabata a Refa si a Refa ayi. Amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira, kuseri kwenikweni kumene amaunjika matumba a simenti ndi laimu. Mwini sitolo amawaitana kuti "iwe", ndipo iwo amayankha "wawa" akuthamanga. Tsiku lonse fumbi la simenti limakwera m'buluku mwawo ngati likalipira lendi. Koma lifike Loweruka masana, apachike wezulo m'khosi, munthu yemwe uja amasanduka boma. Akaloza pakati pa bwalo, ngakhale mbuzi zimapatuka.

Bambo awo, amene anali mlonda pa fakitale ina, anawasiyira malamulo awiri okha: mwamuna salira, mwamuna sadzola. Loyambalo a Refa analiphwanya tsiku limene anakawazula dzino, mzere wonse wa odwala unamva. Koma lachiwirilo analigwira ngati chuma cha masiye.

Miyendo ndiye inatuwa. Osati kutuwa kwamasewera, koma mbuu, kuyambira mu akakolo mpaka m'ntchafu, misongolo itang'aluka ngati matope a chithaphwi chouma. Akakanda pamagwa gaga woti nkhuku zikanatha kujompha. Mwana wawo woyamba anaphunzirira kulemba pa katumba wa bambo ake, ndi chikhadabo, iwo ali mtulo pampando.

A Refa anali ndi nzeru zawo pa nkhaniyi. Kwa iwo chinthu chotuwa ndi litsiro, ndipo litsiro mankhwala ake n'kukwecha. Akaweruka amatereka madzi oti n'kusosolera nkhuku, n'kutenga sopo wochapira zovala, burashi ya nsapato ndi mwala. M'bafa mumamveka ngati kalipentala akupala thabwa. Akatuluka miyendo imakhala yosalala mpaka afike pakhonde. Mphepo ikangowomba kamodzi, mbuu uja wabwerera, watenganso abale ake.

"Inu abambo, mwendo si poto wopserera," amatero akazi awo. "Madziwo muzizizitsako. Nayi vaselini, pakani khungu likadali lonyowa."

"Amayi, ine ndipake za makanda? Ndikalowe m'bwalo ndikununkhira ngati thewera?"

"Ndiye kandani. Koma bulangete langa lakuda lija laoneka ngati lagwa m'chigayo."

Nkhani imeneyi anaikambirana m'nyumba zitatu zalendi, ana mpaka anamera ndevu, wopambana osapezeka.

Zinthu zinadzatembenuka chaka chimene kampani ina inaika chikho. Wapampando wa komiti ya mpira anawapeza a Refa kusitolo, thumba la simenti lili paphewa.

"Fainolo ndi yanu, akulu," anatero. "Koma a kampani abweretsa yunifolomu, jezi yachikasu ndi kabudula wakuda. Kubwera ojambula. Buluku lanu lija alikana, akuti mumaoneka ngati mukupita kukhoti."

"Nanga munthu atakhala kuti amamva kuzizira?"

"Mwezi uno? Mukakana tipatsa aphunzitsi a masewera aja, ndipo wezulo akatenga atengeratu."

Apa ndiye panawawa. Aphunzitsiwo anthu amawatcha a Mabotolo, chifukwa miyendo yawo imanyezimira ngati yotsukidwa kufakitale, ndipo kabudula amavala ngakhale popita kukagula mchere. Malamulo a mpira amawadziwa mwa apo ndi apo, koma wezulo amaisirira kuyambira kale. A Refa anaona moyo wawo wonse ukutsala "iwe" wa kusitolo, Lolemba mpaka Lolemba.

Madzulo amenewo anakwecha kuposa masiku onse. Mawa lake anawonjezera phulusa. Pofika kumapeto a sabata miyendo inayamba kutuluka timagazi, buluku likawakhudza amayenda ngati aponda minga.

Tsiku lina timu zitamaliza kukonzekera, anthu atabalalika, analowa m'kachipinda ka pabwalo kosungira maukonde ndi zidebe za laimu, kuti akayese kabudula uja kopanda maso a akazi awo. Anavala. Anayang'ana pansi. Pamwamba panali refa wa chikho, pansi panali mitengo iwiri ya bulugamu ikusuwa makungwa.

Chitseko chinangoti kwee.

Amene analowa anali Chiphwanya, wotseka kumbuyo wa timu ya kumsika, chimunthu chogwira ntchito kubutchala, chimene osewera kutsogolo akachiona amayamba akumbukira ana awo. Makadi ofiira ambiri a a Refa anathera pa iyeyu. Anali atangosamba pampopi, thaulo lili m'khosi.

Anayang'ana miyendo ija nthawi yaitali, mwaulemu, ngati mmene anthu amaonera nyumba yopsa.

"A Refa," anatero, "pepani."

"Iwe, tuluka."

Chiphwanya sanatuluke. Anakhala pa chidebe, n'kupisa m'chikwama, n'kutulutsa kabotolo ka vaselini kachivundikiro chotuwira, kojambulidwa khanda likuseka. Anatapa ndi chala chonga soseji, n'kuyamba kupaka misongolo yake modekha, ngati mayi wa mwana woyamba.

A Refa kukamwa kunangoti yasa. "Iwe umadzola?"

"M'mawa ndi madzulo, madala. Ine ntchito yanga ndi ya madzi ndi sopo, ndikapanda kutero ndimasweka. Inu mumakwecha eti? Zikuoneka. Tayani burashiyo. Madzi akhale ofunda chabe, sopo wosambira pang'ono, osapukuta mpaka gwa. Pakani pakadali chinyezi. Ndipo musakande, muzingomenya ndi chikhatho." Anatseka kabotolo n'kuwaponyera. "Tengani. Za m'chipinda muno zithere muno."

Kunyumba a Refa anafika ndi nkhope ya munthu amene watulukira mankhwala a imfa.

"Amayi, mukudziwa kuti madzi otentha kwambiri amaumitsa khungu? Ndiponso mafuta amafunika kupaka thupi lisanaume. Wandiuza katswiri wina."

Akazi awo anaika pansi mbale imene amapukuta.

"Katswiriyo ali ndi ndevu?"

"Ali nazo."

"Ndiye chake. Ine zaka zonsezi ndimalankhula ndi khoma, vuto linali ndevu."

Anapaka. Masiku oyamba amatseka chitseko ndi mpando. Kenako manyazi anatha, anayamba kupakira pakhonde la kuseri akuimba kamluzu. Ming'alu inatsekeka, gaga anachepa, bulangete linayambanso kuda. Kabotolo ka Chiphwanya katatha analowerera ka akazi awo, n'kumadandaula kuti m'nyumba muno mafuta sachedwa kutha.

Koma chinawalowa china. Usiku amatembenuka pabedi poganiza kuti timu ya kumsika yafika mu fainolo, ndipo munthu yekhayo amene anaona makungwa aja akakhala m'bwalo momwemo, atavala nambala faifi.

Tsiku la chikho bwalo linadzaza mpaka m'mitengo. A Refa anatuluka ndi kabudula wawo, miyendo ikuwala ngati mipando ya tchalitchi chatsopano. Anaponda mpira ndi phazi limodzi, dzanja m'chiuno, kudikira kuti anthu aone. Anthu anali kalikiliki kukangana za goloboyi. Wogulitsa madzi yekha ndiye anati, "Ee, a Refa ali ndi mawondo," n'kupitiriza malonda ake. A Mabotolo anakhala pafupi ndi wapampando, wezulo yawoyawo ili m'thumba la malaya, chingwe chikulendewera dala.

Mpira unayenda wopanda chigoli mpaka dzuwa linapendeka. Ndiye kamnyamata kothamanga ka timu ya kugalaja kanalowa m'bokosi ndi mpira, goloboyi yekha patsogolo. Chiphwanya anachokera kumbuyo n'kukakolopa miyendo yonse iwiri. Kanauluka, nsapato kwina, iko kwina. Ngakhale amene anali kuchimbudzi anadziwa kuti ndi penate.

A Refa anathamangira pomwepo wezulo ili kukamwa, koma sanailize. Chiphwanya anadzuka, anasasa fumbi, n'kuwayandikira ngati akufuna kupepesa.

"Madala," ananong'ona, "miyendo ikuwalatu lero. Wadzigwetsa yekha uyu, si choncho?"

A Refa anayang'ana khamu lija. Anaona mayi wamakala ali kutsogolo, miseche ili kale pakamwa. Anaona a Mabotolo atayamba kale kusolola chingwe. Akakhululuka, wezulo yapita lero lomwe. Akaliza, mawa dera lonse lidziwa kuti mwana wa mlonda amadzola za makanda. Bambo awo anawabwerera m'mutu ndi malamulo awo awiri aja, koma pa za penate mkuluyo sananenepo kanthu.

Wezulo inalira mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Dzanja lina linaloza penate, lina linatulutsa kadi yofiira.

Chiphwanya anapenga. Anavula jezi, anaiponya pansi, n'kukuwa ndi mawu ake onse a kubutchala:

"Mulibe kuthokoza inu! Vaselini wanga wa khanda uja ndinakupatsani ndine! Wanga, wa m'chikwama mwanga!"

Kenako mawu a mayi wamakala anamveka bwinobwino:

"Wako? Chiphwanya, iwe umadzola wa khanda?"

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo chinagwetsa anthu awiri mumtengo. Osewera amene anakhala akumuthawa zaka zonsezi anagwira m'mimba. Munthu wamkulu uja anatuluka m'bwalo masapota akumuimbira nyimbo yotonthoza mwana, ndipo mpaka lero kubutchala anthu amati, "Khanda, ndipimire ya mafupa."

Penate inalowa. Masapota a kumsika anawaperekeza a Refa mpaka pamsewu ndi mawu onse amene refa amayenera kulandira: alibe maso, anagulidwa, abwerere kukasenza simenti. Anatukwanidwa kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Kumunsiko sikunatchulidwe, ndipo iwo anayenda pang'onopang'ono, chifuwa patsogolo, ngati akulandira mendulo. Wapampando anawagwira chanza n'kunena kuti chaka chamawa wezulo ndi yawo. A Mabotolo anabweza chingwe m'thumba.

Masiku ano a Refa amavala kabudula ngakhale kukuzizira, ndipo amaimitsa amuna anzawo pamsewu n'kumawalangiza za madzi ofunda, ngati nzeruzo anabadwa nazo. Akazi awo amangowayang'ana, kabotolo kawo anayamba kubisa m'thumba la mpunga.

Miyendo ya a Refa inali youma chabe, ndipo inkangofuna mafuta.