Mapazi a galimoto yanga pabwalo la apongozi

Chaka chimene ndinagula kagalimoto kanga koyamba, miyendo yanga inapuma pantchito. Ndinali kalaliki pa ofesi ina pa boma la Machinga, ndipo ofesiyo inkaonekera ndili pakhonde la nyumba yanga, koma ndinkapitabe pa galimoto. Makiyi sindinkaika m'thumba. Ndinkawazunguza pachala kumsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, mpaka tsiku lina mkazi wanga anandilanda n'kuwaponya m'chikwama chake.

Kanali kofiira, kakang'ono, kogula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu. Ndinkakatsuka m'mawa uliwonse. Za injini ndinkafunsa, za mafuta ndinkadandaula, koma matayala ndinkangoona kuti alipo anayi ndipo ndi ozungulira.

Mkazi wanga kwawo ndi ku Utale, m'boma la Balaka. Bambo ake, apongozi anga, ankasema nkhwayira, nsapato zija zodula ku matayala otha. Ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ndi mpeni wonola bwino ndi chitini cha timisomali, ndipo theka la mudzi linkayenda pa ntchito ya manja awo. Anali osachuluka mawu. Kuwonjezera apo, mkamwini ndi apongozi ake sacheza zambiri: moni, mvula, chimanga, nkhani yatha.

Tsiku loyamba kupita nako kumudziko ndinayamba kuliza hutala ndili pa mjigo. Amayi analulutira, apongozi aakazi anavina ndi chipande m'manja, ndipo mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, analowa n'kukhala kumbuyo ngati wakagula ndi iye.

"Alamu, ukwati wanga uli mu Okutobala," anatero. "Galimoto ya akwati ndi imeneyi. Musadzandipatse zifukwa."

Ndinadziguguda pachifuwa n'kulonjeza pamaso pa mudzi wonse. Apongozi aamuna anatulukira kuseri kuja, koma galimoto sanaiyang'ane. Anayenda chowerama, manja kumbuyo, kuchokera pamene ndinaima mpaka kumsewu, n'kubwerera. Anandifunsa ngati tayenda bwino, ndinati tayenda bwino, iwo n'kubwerera kumpeni wawo.

Pobwerera kwathu, tisanafike n'komwe pa tala, mkazi wanga anati, "Bambo akuti matayala akutsogolowa atha."

Ndinaseka mpaka galimoto inagwedezeka. Munthu sanawakhudze, sanawayang'ane, sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto, ndiye adziwa bwanji? Kenaka nzeru zinandibwerera, nzeru zija zimene zimabwerera munthu wopusa mofulumira. Ntchito yawo ndi yotani? Kusema matayala otha. Ndinamuuza mkazi wanga kuti zimenezi zili ngati fisi kukuuza kuti mbuzi yako ikudwala. Sanandiyankhule mpaka tinawoloka mlatho wa Liwonde, ndipo ngakhale pamenepo anangonena kuti ndigule tomato.

Miyezi inadutsa. Ine ndinali nditagula kale maliboni oyera ndi mabaluni, nditauza ofesi yonse, nditaphunzira kuliza hutala motsatira nyimbo ya ukwati. Kutatsala milungu iwiri, mlamu anaimba foni mawu ali pansi. Bambo ake anali atanena kuti mkwatibwi sakwera galimoto imeneyo. Kuli bwino apite kutchalitchi pa lole yonyamula thonje ya munthu wina wa m'mudzimo.

Lole ya thonje. Ine ndili ndi galimoto, maliboni ali m'kabati, mudzi wonse unandimva ndikulonjeza. Ndinapsa mtima, ndipo pansi pa kupsa mtimako panali mantha oti ndidzakhala nthabwala ya ku Utale mpaka ukalamba wanga.

Chimene ndinachita ndichinena, poti mkazi wanga anachinena kale kwa aliyense. Loweruka m'mamawa ndinatenga polishi wakuda wa nsapato ndi mswachi wakale, ndinagwada, n'kupaka matayala onse anayi mpaka anayamba kuwala. Ndinayenda pang'onopang'ono pamsewu wafumbi kuti asadetsedwe, anthu a kabaza akundipitirira n'kumandicheukira. Nditayandikira mudzi ndinaima pa tchire n'kuwapukutanso ndi mpango wanga. Ndinalowa pabwalo, ndinazungulira nkhokwe mwaulemu, n'kuima pamalo oti dzuwa liwawombe bwino.

Bwalo linali litangoseseledwa kumene, mchenga uli see. Apongozi anatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo anandiitana okha.

"Apongozi, tabwerani kuno."

Sanapite ku galimoto. Anapita kunkhokwe, pamene ndinakhota. Anandiuza kuti galimoto ikamayenda mowongoka, matayala akumbuyo amafufuta mapazi a akutsogolo, koma pokhota lililonse limasiya phazi lakelake. Zinalidi choncho. Pamchengapo panali mizere inayi. Iwiri inali ndi mano ooneka, iwiri inali yosalala ngati padutsa nsato.

"Awa ndi akutsogolo," anatero. "Lakumanzereli likudya mbali imodzi, yam'kati. Miyendo ya galimoto yanu yapotoka."

Kenaka anaponda pambali pa mzere wosalalawo n'kuchotsa phazi. Nkhwayira yawo inasiya mano onse, owerengeka limodzilimodzi.

"Iyi ndinasema ku tayala limene mwini wake anataya kuti latha."

Ndinayang'ana phazi la nsapato, n'kuyang'ananso phazi la galimoto yanga. Mlamu, amene anali ataima pakhomo ndi tsache, anaona kuti nthawi yondimaliza ndi imeneyi.

"Bambo, alamu akuti inu mukuwafuna matayalawo kuti museme nsapato."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma apongozi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira nkhokwe. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti ali ndi mpata m'mano.

"Iyayi, apongozi. Matayala a tigalimoto iti ali ndi waya m'kati, amangondiphera mpeni. Ndipo nsapato yopanda mano angagule ndani? Munthu akaterereka nayo pa mjigo, abwera kudzanditukwana."

Atatha kuseka anapukuta m'maso, nayankhula motsitsa kuti mlamu asamve.

"Ine ana aakazi ndili nawo awiri. Wina mumatsika naye kale mapiri a Machinga pa matayala amenewa, ndi mdzukulu wanga pamiyendo. Ameneyo ndi wa m'nyumba mwanu, sindingakulamuleni. Amene ndingathe kumukaniza ndi uyu watsalayu."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinakumbukira makhotakhota otsikira ku Liwonde, ndi mmene ndinkathamangira pamenepo ndikuimba nyimbo, mwana wathu akuwomba m'manja. Miyezi yonseyi mkuluyu ankawerenga mchenga nthawi iliyonse tikachoka, n'kumadikira foni yoti tafika. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha mochedwa.

Sindinadikire chakudya. Ndinalunjika ku Balaka kwa wokonza matayala wina wa pafupi ndi msika, mkulu wonenepa wovala ovolosi yodula manja. Anagwira tayala lakutsogolo, n'kuyang'ana chikhatho chake chitada bii, n'kuchinunkhiza.

"Bwana, tayalali mukupita nalo kokafunsira mbeta?"

Anzake anabwera kudzanunkhiza nawo. Ine ndinangoti chikomekome cha mkuyu, iwo n'kumalizitsa okha mwambiwo akugubuduka ndi phwete.

Mkuluyo anandiphunzitsa zimene ndinayenera kudziwa tsiku logula galimoto. Anandionetsa timabampu tating'ono tobisala m'mizere ya tayala, nati mano akatha kufika polingana ndi timeneti, tayala latsanzika. Pa matayala anga akutsogolo timabamputo tinali titadyeka kale. Anatenga kamtengo ka machesi n'kulowetsa mutu wake mumzere wa tayala lakumbuyo, mutuwo unabisika. Pa lakutsogolo panalibe ngakhale polowetsa. Anandionetsa ming'alu ya m'mbali, imene polishi wanga anaikwirira mwaluso, ndi manambala anayi osonyeza mlungu ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Pomaliza anakweza galimoto pa jeke, natenga dzanja langa n'kuliyendetsa m'kati mwa tayala lakumanzere. Waya anandibaya chala mpaka magazi.

"Ndi kutentha kwa tala kwa mwezi uno, limeneli likanaphulika lokha," anatero. "Anakuuzani ndani kuti likudya m'kati?"

Ndinati makaniko wina wa ku Utale.

Anafuna kundigulitsa matayala a kaunjika, ine ndinakana ngati munthu wodziwa matayala chibadwire. Ndinaika awiri atsopano, ndinakawongoletsa miyendo ya galimoto, ndipo suti imene ndinkafuna kugulira ukwatiwo inathera pomwepo. Otha aja ndinapita nawo kunyumba, mkazi wanga anadzalamo anyezi.

Tsiku la ukwati ndinafika m'mawa ndi jekete langa lakale, galimoto ili maliboni okhaokha. Lole ya thonje inali itaima kale pamsewu, yotsukidwa, dalaivala wake atavala tayi. Bwalo linali loseseledwa, anthu ali mbwee m'mbali. Sindinalize hutala. Ndinalowa n'kuzungulira nkhokwe, kenaka ndinaizunguliranso kachiwiri kuti pasakhale chokayikitsa, nkhuku zikubalalika, amayi ophika akufunsana ngati mkamwini walawa kale zakumwa.

Apongozi anatuluka atavala suti ndi nsapato zotseka zimene zinkaoneka kuti zikuwaluma. Monga mwa masiku onse, galimoto sanaiyang'ane. Anapita kunkhokwe, anawerama, nalowetsa chala m'phazi la tayala. Anatsatira mzerewo masitepe angapo. Ine ndinaima pambali pa chitseko, makiyi nditawafumbata, osawazunguza.

Anadzuka, anasasa chala pa thalauza, natembenukira kwa akazi awo.

"Mutulutseni mwana."

Nthungululu zinamveka. Mlamu anatuluka ndi chovala chake choyera, akunditsinzinira diso pansi pa velo, nakhala kumbuyo ndi mkulu wake, mkazi wanga. Mpando wakutsogolo unali wa mayi womugwirira maluwa, koma mayiyo asanafike, apongozi anatsegula chitseko n'kukhalapo okha. Chigulireni galimotoyo anali asanaikwerepo. Anavula nsapato zowaluma zija n'kuziika pamiyendo, anafufuza lamba, ine ndinawamangira.

Titatuluka pabwalo anati, "Apongozi, hutala ija mumatisokosa nayo kuyambira pa mjigo ija, yafa?"

Ndinailiza mpaka pakhomo la tchalitchi, osachotsapo dzanja.